Mafilimu asanu a m'chipatala a 1931 mpaka 1934: muyambe ndi iti, ndipo iliyonse ikuperewera pati

Pakati pa 1931 ndi 1934, makampani a ku Hollywood anatulutsa mafilimu ambiri a m'chipatala. Mumakhala dokotala wachinyamata, namwino wotopa, wodwala ali kayakaya, ndi chikondi chimene ntchito ikuchisokoneza. Cholinga chinali kugwetsa misozi ya oonera, ndipo opanga ake sankabisa zimenezo. Asanu mwa mafilimuwo ndi oyenera kuwaika pamodzi n'kuwayeza: Night Nurse ndi Arrowsmith a 1931, Symphony of Six Million ndi Life Begins a 1932, komanso Men in White ya 1934.

Amene ali ndi madzulo amodzi okha ayambe ndi Men in White. M'filimu imeneyi ntchito ya udokotala ndiyo ikukoka nkhani, moti mutachotsamo chipatala palibe chotsala. M'mafilimu ena pano chipatala nthawi zina chimangokhala malo obwereka, pomwe nkhani yeniyeni ndi ya upandu kapena ya banja. Dziwiranitu kuti mathero a nkhani zonsezi aululidwa m'munsimu, chifukwa mphamvu ndi kufooka kwa mafilimu otere zimaonekera kumapeto.

Chifukwa chake amamveka chonchi

Mawu analowa mwamphamvu m'mafilimu a Hollywood kuyambira mu 1927, pamene Warner Bros. inatulutsa The Jazz Singer. Njira yawo, ya Vitaphone, inkasunga mawu pa chimbale chapadera chokula mainchesi 16, ndipo chimbale chimodzi chinkayendera limodzi ndi mpukutu umodzi wa filimu, wa mphindi pafupifupi 11. Filimu ikaduka n'kulumikizidwa zithunzi zina zitatayika, milomo ndi mawu zinkasemphana mpaka mpukutuwo uthe. Pofika 1931 makampani akuluakulu anali atasamukira ku njira yojambula mawu m'mphepete mwa filimu yeniyeniyo. Kamera, imene poyamba ankaitsekera m'kanyumba kuti kulira kwake kusalowe mu maikolofoni, inapatsidwa chokuta chake n'kuyambanso kuyenda. Maikolofoni nayo anayamba kuipachika pa mtengo wautali wotsata osewera chapamwamba.

Zotsatira zake mumazimva ndi khutu. Pansi pa mawu pamakhala kaphokoso kosalekeza, konga ka mvula yowaza pa denga la malata. Nyimbo zapansipansi zimene tinazolowera lero n'zochepa kapena mulibiretu, makamaka m'mafilimu a 1931, chifukwa kusakaniza nyimbo ndi zolankhula kunkawononga mawu, komanso opanga ena ankaopa kuti oonera azidabwa kumene nyimboyo ikuchokera. Osewera ambiri anachokera ku zisudzo za pa siteji ku New York, ndiye ena amatchula liwu lililonse mokweza ngati akulankhula ndi munthu wa pa mpando womaliza.

Kwa mafilimu a m'chipatala, kuchepa kwa nyimboku kunasanduka mwayi. M'khonde mukakhala zii, nsapato za namwino zimamveka, chitsulo chikagwera mu thireyi chimamveka, ndipo sipika yoitana dokotala imakudzidzimutsani. Muziyeza filimu iliyonse pamenepanso: kodi ikugwiritsa ntchito batalo, kapena ikungolidzaza ndi zolankhula?

Men in White, 1934

Inapangidwa ndi kampani ya MGM, wotsogolera anali Richard Boleslawski, ndipo imatenga mphindi 74. Inachokera ku sewero la Sidney Kingsley limene Group Theatre inaonetsa ku New York mu 1933 n'kupambana mphoto ya Pulitzer mu 1934. Clark Gable ndi Dr. George Ferguson, dokotala amene akuphunzirabe ntchito pa chipatala. Myrna Loy ndi Laura Hudson, bwenzi lake lochokera ku banja lolemera, amene watopa ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Jean Hersholt ndi Dr. Hochberg, mkulu wa maopaleshoni amene akufuna Ferguson aphunzire kwa iye zaka zingapo pa malipiro ochepa.

Gawo labwino kwambiri pa mafilimu asanu onsewa lili muno, ndipo silikhudza chikondi n'komwe. Kamtsikana kodwala matenda a shuga kakomoka. Dr. Cunningham, dokotala wamkulu amene makolo amulemba ntchito, akuganiza kuti shuga wakwera ndipo akukonza jakisoni wina wa insulin. Ferguson akuona kuti ndi insulin amene wachuluka kale ndipo shuga watsikitsitsa. Akumulanda jakisoni uja, n'kulamula kuti mwana apatsidwe glucose, mwanayo n'kutsitsimuka. Zimenezi n'zoona pa zachipatala. Shuga akatsika, munthu amakomoka mwadzidzidzi, thukuta lili kamukamu, khungu lozizira, thupi likunjenjemera. Akakwera kwambiri, vuto limabwera pang'onopang'ono, khungu ndi pakamwa zimauma, ndipo wodwala amapuma mozama. Mu 1934 insulin anali atangotha zaka pafupifupi 12 akugwiritsidwa ntchito pa anthu, ndipo kamakina koyezera shuga pa bedi kunalibe. Dokotala ankadalira maso ndi manja ake. Jakisoni wa Cunningham akanapha mwanayo. Ndipo filimuyi siithera pa kupulumuka kwa mwana: ikuonetsanso kuti dokotala wamng'ono akakonza wamkulu pamaso pa anthu amaika ntchito yake pachiswe, ngakhale akhale wolondola.

Usiku womwewo ndi pamene nkhani ikukhota. Ferguson wakangana ndi Laura, ndipo namwino wophunzira, Barbara, amene akuseweredwa ndi Elizabeth Allan, wabwera ku chipinda chake kudzabwereka zolemba za m'kalasi. Ferguson aitanidwa ku wodi, Barbara n'kutsala m'chipindamo, kuvula kachipewa ka unamwino n'kukhala pansi kudikira. Palibe china chimene mukuona. Patapita miyezi, Barbara akubweretsedwa ku fiyeta ali wodwalitsa, ndipo palibe amene akutchula dzina la vutolo. Madokotala akungoyang'anana n'kulankhula mophiphiritsa. M'sewero la Kingsley zinali zoonekeratu kuti anachotsa mimba mobisa n'kulowa mafinya. Wachinyamata woonera lero akhoza kuphonya zonsezi, ndipo chimenechi ndi chofooka chenicheni cha filimuyi, ngakhale kuti sichinachokere kwa olemba okha.

Malamulo oletsa zolaula m'mafilimu, otchedwa Production Code, analembedwa mu 1930, koma makampani ankawazemba mpaka July 1934, pamene ofesi ya Joseph Breen inayamba kuunika filimu iliyonse isanatuluke. Kuchotsa mimba kunali kovuta kukutchula poyera m'filimu ngakhale nthawi imeneyo isanakwane. Men in White inatuluka mu April 1934, miyezi yochepa chitseko chisanatsekedwe, ndipo bungwe la Akatolika la Legion of Decency linaidzudzulabe ngakhale inabisa chonchi.

Imfa ya Barbara si yongopeka pofuna misozi. Mankhwala oyamba a sulfa, Prontosil, analengezedwa mu 1935, ndipo penicillin anafika m'zipatala m'ma 1940. Mu 1934 mafinya akafalikira kuchokera m'chiberekero, dokotala ankangodalira mpeni ndi mphamvu za thupi la wodwala. Gawo la kukonzekera opaleshoni likuonetsedwa mosathamanga: kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kutukula manja m'mwamba kuti madzi asabwerere ku zala, kuvekedwa gauni ndi magolovesi ndi munthu wina. Hochberg akulowetsa Laura m'chipindamo kuti aone ntchito imene imamulanda mwamuna, ndipo ndi momwemo mmene Laura akuzindikira zimene zinachitika pakati pa Ferguson ndi Barbara.

Zofooka zina zilipo. Chipatala cha Cedric Gibbons, mkulu wokonza malo ojambulira ku MGM, n'chokongola mopitirira: makoma oyera, magalasi, masitepe okhota, mithunzi ya mizeremizere imene George Folsey anaijambula mwaluso. Simuona kuthithikana kapena kusowa kwa zipangizo, chonsecho nkhani ikunena kuti chipatalacho chili pa mavuto a ndalama. Nthabwala za madokotala achinyamata zimadula nkhani pamalo olakwika. Chowawa kwambiri n'chakuti Barbara akufa kuti Ferguson aphunzirepo kanthu. Filimuyi ikumumvera chisoni, koma moyo wake siikuufufuza. Tikudziwa zambiri za Dr. Levine, amene Otto Kruger akumusewera bwino kwambiri ngati dokotala amene anasiya kwa Hochberg pofuna banja n'kuthera mu umphawi mkazi wake akudwala, kuposa za mtsikana amene nkhani yonse yatsamira pa imfa yake.

Arrowsmith, 1931

Iyi ndiyo ili ndi funso lalikulu kuposa onse, ndipo ndiyonso yosalongosoka kuposa onse. Samuel Goldwyn anaipanga, John Ford anaitsogolera, ndipo Sidney Howard analemba kuchokera ku buku la Sinclair Lewis la 1925. Lewis anathandizidwa pa za sayansi ndi Paul de Kruif, katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda, ndipo n'chifukwa chake za mu labotale zili ndi fungo la zoona. Filimuyi inapikisana nawo pa mphoto zinayi za Academy, zimene zimadziwika kuti Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse.

Vuto likuyamba ndi kukula kwa buku. Moyo wa munthu wa zaka zambiri aupanikiza m'maola osakwana awiri, ndiye theka loyamba limangothamanga. Martin Arrowsmith akumana ndi namwino Leora akukolopa pansi, posakhalitsa akwatirana, apita kwawo kwa mkazi ku Dakota, Leora apita padera, Martin apeza mankhwala a matenda a ng'ombe a blackleg, kenako ali ku McGurk Institute ku New York kwa mphunzitsi wake Max Gottlieb. Chilichonse mwa izi chikanakwana filimu payokha. Ronald Colman anali ndi zaka 40 ndipo amalankhula Chingerezi cha ku England, choncho n'kovuta kumukhulupirira ngati mnyamata wa kumidzi ya ku America amene akuyamba sukulu ya udokotala. Helen Hayes ndiye akugwira mtima ngati Leora, mkazi amene moyo wake wonse ndi kudikira.

Pirirani mpaka nkhani ifike ku West Indies. Kwabuka mliri wa bubonic plague, matenda amene amafala kudzera mu nthata za makoswe, omwewo amene anavutapo m'boma la Nsanje mu 2002. Martin ali ndi mankhwala atsopano, ndipo Gottlieb wamulamula kuti abaye theka la anthu, theka lina asawabaye, kuti zidziwike ngati mankhwalawo akugwiradi ntchito. Maganizo a Gottlieb si amisala. Mliri uliwonse umafika pachimake kenako n'kutsika wokha, ndiye mukabaya aliyense n'kuona imfa zikuchepa, simungadziwe ngati ndi mankhwala kapena ndi nthawi. Kafukufuku wotchuka wa streptomycin pa chifuwa chachikulu ku Britain, amene anagawa odwala m'magulu mwa maere, anasindikizidwa mu 1948, patapita zaka 17 filimuyi itatuluka. Kuti filimu ya anthu wamba ifotokoze mfundo imeneyi mu 1931 chinali chinthu chachilendo.

Koma taonani amene akusankhidwa kuti amanidwe mankhwala. Azungu olamulira chilumbacho akukana kuti anthu awo ayesedwe chonchi. Kenako Dr. Oliver Marchand, dokotala wakuda wophunzira ku Howard University, akupereka anthu a kwawo. Clarence Brooks akumusewera mwaulemu ndi modekha, ngati mnzake wa Martin pa ntchito, ndipo m'mafilimu a Hollywood a nthawi imeneyo munthu wakuda wotere sankaoneka kawirikawiri. Komabe anthu a m'mudzimo safunsidwa maganizo. Akuima pa mzere, ena abayidwa, ena abwezedwa, ndipo kamera ikuwajambula ngati khamu lopanda mayina pakati pa utsi ndi ng'oma. Chaka chotsatira, mu 1932, boma la America linayamba kafukufuku wa ku Tuskegee, Alabama, kumene amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa osachiritsidwa mpaka 1972, ngakhale penicillin atapezeka. Malamulo a Nuremberg okhudza chilolezo cha munthu woyesedwa analembedwa mu 1947, ndipo Declaration of Helsinki mu 1964. Filimuyi sikuona vuto limene ife tikuliona. Kwa iyo funso ndi la chikumbumtima cha Martin basi.

Leora akufa yekha m'nyumba atasuta ndudu imene inakhudzana ndi tizilombo ta mliri totayikira kuchokera m'botolo la Martin. Antchito athawa, ndipo iye akukwawa pansi m'chipinda chamdima. Apa Ford ndi wojambula wake Ray June akusiya zolankhula n'kulola kuwala ndi mithunzi zigwire ntchito, ndipo palibe gawo lina m'mafilimu asanuwa lojambulidwa bwino kuposa limeneli. Martin, mtima utasweka, akubaya aliyense, kafukufuku n'kuwonongeka. Anthu akumutamanda, iye akudziona kuti wapereka sayansi.

Ngati mbali ya Myrna Loy, mayi wolemera Joyce Lanyon, ikuoneka yopanda mutu m'kope limene mwapeza, n'chifukwa chakuti filimuyi inadulidwa poitulutsanso malamulo aja atakhwima, ndipo zambiri zimene zinachotsedwa ndi zosonyeza kuti Martin anakopeka naye mkazi wake akufa kutali. Pamene inkatuluka koyamba inali ya mphindi pafupifupi 108.

Arrowsmith ndi ya ophunzira zachipatala, anamwino ndi aliyense wogwira ntchito ya kafukufuku, makamaka akaonera pagulu n'kukambirana pambuyo pake. Si ya munthu wofuna nkhani yoyenda myaa.

Night Nurse, 1931

William Wellman anaitsogolera ku Warner Bros., ndipo mphindi zake 72 zimatha musanazindikire. Imayamba kamera ili m'kati mwa ambulansi yothamanga m'misewu, sailini ikulira. Wellman akuonetseratu kuti kamera yatuluka m'kanyumba kaja. Barbara Stanwyck ndi Lora Hart, Joan Blondell ndi mnzake Maloney, ndipo theka loyamba ndi la maphunziro a unamwino: yunifomu yosakwana, mkulu wa anamwino wovuta, malamulo a nthawi yogona, kulimba mtima mu fiyeta mpaka opaleshoni ithe kenako n'kukomoka, ndi lumbiro pa tsiku lomaliza. Theka limeneli ndi labwino chifukwa likuona chipatala kuchokera pansi, kwa anthu amene amasintha nsalu za pa bedi. Likuwonongeka pang'ono ndi chizolowezi cha kampaniyo choonetsa atsikana awiriwa akusintha zovala mobwerezabwereza popanda chifukwa.

Theka lachiwiri ndi nkhani ya upandu. Lora walembedwa ntchito ya usiku m'nyumba ya anthu olemera, kumene ana awiri aakazi akuphedwa ndi njala mwadala kuti chuma chimene anasiyiridwa chigwere m'manja mwa ena. Mayi wawo ali chiledzerere, Dr. Ranger ali m'chiwembucho, ndipo dalaivala Nick, Clark Gable asanatchuke, amamenya akazi. Pali mfundo imodzi yolemera: Lora akapita kukadandaula kwa Dr. Bell, dokotala wabwino, iye akuzengereza chifukwa mwambo wa madokotala sulola kulowerera wodwala wa mnzako. Mkwiyo wa Stanwyck pa mwambo umenewu ndi umene umapangitsa filimuyi kukhala yamoyo mpaka lero.

Za chithandizo musatengepo phunziro. Mwana wofookayo akumusambitsa mu mkaka, ngati kuti khungu lingamwe chakudya. Silingamwe. Mwana wonyentchera kwambiri amafunika kufunditsidwa, kutetezedwa kuti shuga asatsike, ndi kudyetsedwa pang'onopang'ono pafupipafupi, monga zimachitikira lero ndi mkaka wapadera wa kuchipatala wa F-75 asanafike pa chiponde. Kenako Lora akupereka magazi ake pomwepo, zomwe zikugwirizana ndi nthawiyo, poti nkhokwe yoyamba yosungira magazi pa chipatala ku America inatsegulidwa mu 1937 ku Cook County Hospital, Chicago. Mathero ake malamulo a 1934 sakanawalola: Mortie, wogulitsa mowa mozemba pa nthawi imene mowa unali woletsedwa ku America, amene Lora anamumanga bala la chipolopolo osauza apolisi, akutuma anzake, ndipo ambulansi ikukatula mtembo wa Nick ku mochale. Palibe amene akulangidwa.

Symphony of Six Million, 1932

Ya kampani ya RKO, yotsogoleredwa ndi Gregory La Cava pansi pa David O. Selznick, kuchokera ku nkhani ya Fannie Hurst. Anthu mamiliyoni 6 a m'dzinalo ndi okhala mu mzinda wa New York. Ricardo Cortez ndi Felix Klauber, mwana wa banja la Ayuda osauka ku Lower East Side amene wakhala dokotala wa kiliniki ya amphawi. Mchimwene wake Magnus akudzera mwa mayi awo kumukakamiza kuti asamukire kwa odwala olemera kuti banja lonse litukuke. Aliyense amene anaphunzitsidwa ndi thukuta la abale adzaimva nkhaniyi msanga, chifukwa filimuyi siikunena kuti banjalo ndi loipa. Akufuna nyumba yabwino ndi mpumulo wa makolo okalamba, ndipo Felix alibe poyambira kukana.

Kufunika kwake m'mbiri ya mafilimu kuli pa nyimbo. Max Steiner analemba nyimbo zoyenda pansi pa zolankhula m'mbali zambiri za filimuyi, pa nthawi imene ena ankaziopa, ndipo chaka chotsatira anakulitsa njira yomweyo mu King Kong. Muionere pafupi ndi Night Nurse kuti mumve kusiyana kwa chaka chimodzi chokha. Kuipa kwake n'kwakuti nyimbozo zimakuuzani nthawi yolira musanafune kulira.

Nkhani ikufika pachimake pamene bambo ake a Felix, amene akuseweredwa ndi Gregory Ratoff, apezeka ndi chotupa mu ubongo ndipo banja likumuchonderera kuti achite yekha opaleshoniyo. Bambowo akumwalira pa tebulo, Felix n'kutaya mtima pa ntchito. Madokotala amalangizidwa kusachita opaleshoni pa kholo, mwana kapena mkazi wawo, chifukwa mantha ndi chikondi zimasokoneza chiganizo, ndipo zinthu zikalakwika mtolo wake ndi wosasenzeka. Filimuyi ikuonetsa bwino mtolowo, koma kenako ikuuchiza pobwereza cholakwa chomwecho: Felix akuchita opaleshoni ya msana pa Jessica, mkazi amene amamukonda, ndipo ulendo uno zikuyenda. Irene Dunne, amene akusewera Jessica, wapatsidwa zochepa kwambiri, kungotsimphina ndi kukhala chikumbumtima cha mwamuna. Sankhani iyi ngati chimene mukufuna ndi nkhani ya banja yogwetsa misozi.

Life Begins, 1932

Pafupifupi yonse ikuchitikira mu wodi imodzi ya amayi oyembekezera amene ali ndi zovuta. Inachokera ku sewero la Mary McDougal Axelson, ndipo zimaoneka, chifukwa anthu amalowa ndi kutuluka ngati pa siteji. Loretta Young ndi Grace Sutton, mkaidi wopezeka ndi mlandu wakupha amene wabweretsedwa kudzachira. Madokotala akuti sangapulumutse onse awiri. Mwamuna wake akufuna mkazi, Grace akufuna mwana, ndipo mwana ndiye akupulumuka. Chimene chinavuta kwenikweni m'thupi mwake sichikufotokozedwa, ndipo kubereka sikuonetsedwa, choncho pa zachipatala filimuyi ndi yopepuka. Chuma chake ndi amayi a pa mabedi enawo, makamaka Glenda Farrell ngati mayi wa m'mabwalo a zisangalalo amene wabisa mowa mu botolo la madzi otentha ndipo sakufuna mapasa ake, komanso Aline MacMahon ngati namwino wamkulu amene amadziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yongogwira dzanja. Pa anamwino onse a m'mafilimu asanuwa, wake ndi amene mungakonde kumupeza pa wodi. Azamba ndi anamwino ayambe ndi iyi kapena Night Nurse asanapite kwa madokotala a MGM.

Posankha kope loonera

Yambani ndi maonekedwe a chithunzi. Mafilimu onsewa anajambulidwa pa chithunzi chotsala pang'ono kufanana mbali zonse, ndipo muyezo wa 1.37:1 unakhazikitsidwa mu 1932. Pa TV kapena foni ya masiku ano payenera kutsala mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Chithunzi chikadzaza sikirini yonse, ndiye kuti achitambasula, nkhope n'kufufuma, kapena adula pamwamba ndi pansi. Mu Men in White kudula koteroko kumachotsa manja a madokotala pa gawo la kusamba, pamene pali phunziro lonse. Pa TV yang'anani pamene pasankhidwa 16:9 n'kubwezera pa 4:3.

Kenako yerekezani kutalika. Filimu ya mawu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, koma makope ochokera ku TV za ku Ulaya amayenda 25, zomwe zimafupikitsa filimu ndi magawo 4 pa 100 ndi kukwezako mawu pang'ono. Choncho Men in White ya mphindi 71 m'malo mwa 74 sinadulidwe, yangothamanga. Kusiyana kukapitirira pamenepo, china chachotsedwa, ndipo pa Arrowsmith zimenezi n'zofala.

Mawu a mafilimuwa ndi a mono, kutanthauza kuti amatulukira m'njira imodzi yokha, ndipo alibe mabesi akuya kapena mawu osongoka kwambiri. Kukweza besi pa sipika kumangokulitsa mkokomo n'kukwirira zolankhula. Tsitsani besi, kwezani mawu apakati, kapena valani mahedifoni. Pewani makope amene wina wachotsa kaphokoso konse ndi pulogalamu ya pa kompyuta, chifukwa pamodzi ndi kaphokosoko amameza mathero a mawu, osewera n'kumamveka ngati akulankhulira m'madzi. Makope opakidwa mitundu nawonso amafafaniza mithunzi imene Folsey ndi June anaikonza dala. Mawu olembedwa pansi ndi ofunika kwambiri pa Night Nurse, mmene Stanwyck ndi Blondell amalankhula mothamanga Chingerezi cha m'misewu ya nthawi imeneyo, ndipo amene amalembedwa okha ndi makina pa YouTube amalakwitsa kawirikawiri chifukwa cha kaphokoso kaja.

Makope oyera a mafilimu a MGM, RKO ndi Warner Bros. a zaka zimenezi amatuluka kwambiri kudzera ku Warner Archive ndi Turner Classic Movies. Ku America umwini wa filimu za nthawi imeneyo umatha pakadutsa zaka 95, kotero za 1931 zikumasuka pa 1 January 2027, za 1932 mu 2028, ndipo Men in White mu 2030. Filimu ikamasuka makope amachuluka pa intaneti, abwino ndi oipa omwe, ndiye muziona kutalika ndi maonekedwe a chithunzi musanawononge bandulo yanu pokopera.